KODI NKOYENERA KUUTSA MAKOMPYUTA AKALE?

Pa sukulu ina ya sekondale kuno kwathu ku Thuchila, imene dzina lache tilibisa, pali kachipinda kosungiramo makasu, ndowa ndi mabuku ong'ambika. Kuseri kwa zimenezi kunakhala makompyuta khumi ndi anai zaka zambiri, okutidwa ndi pfumbi. Anatipatsa ndi anthu ena okoma mtima a kutsidya kwa nyanja, ndipo tsiku lofika makinawo panali nyimbo, zolankhula ndi kujambula zithunzi. Koma chisanathe chaka ambiri a iwo anazima, ndipo popeza panalibe munthu wodziwa pogwira, anawatsekera m'kachipindamo. Pamene namondwe Freddy anagwa pa Mulanje ndi Phalombe m'mwezi wa Marichi 2023, madzi analowa pansi pa chitseko, nanyowetsa amene anali pansi.

Tsiku lina makolo ndi aphunzitsi tinasonkhana patsinde pa mtengo wa mango kuti tiweruze mlandu wa makina amenewa: kodi titenge ndalama zimene makolo asonkha ndi thukuta kuti tiwautse, kapena tiwaleke afe ndi kuyembekezera atsopano? Mlanduwu tiuika pamaso pa awerengi athu, pakuti tidziwa kuti tizipinda totere tiri tambiri m'dziko muno, m'masukulu ndi m'maofesi, ngakhale m'nyumba za mipingo. Ndipo pa mlandu umenewu palendewera ndalama za anthu osauka ndi maphunziro a ana ao.

Anayamba kulankhula ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo mau ache anali ndi mphamvu. Anatulutsa foni m'thumba, naikweza, nati, "Makolo anga, kanthu aka kali m'dzanja langa kathamanga koposa ali onse a makina aja, ndipo kadya moto wochepa. Tidzaphunzitsiranji ana athu pa zitsulo zimene eni ache anazitaya? Kodi ana a ku Thuchila ndiwo oyenera makombo?"

Sitingathe kunena kuti ananama. M'chaka cha 1965 munthu wina wa ku America, dzina lache Gordon Moore, anapenya kuti tizigawo timene amisiri akhoza kupanikiza pa kachitsulo kamodzi, kaja kali ngati ubongo wa makina, tichuluka kawiri chaka ndi chaka. Mu 1975 anakonza mau ache, nati kawiri pa zaka ziwiri ziri zonse. Ndipo zinapita chomwecho zaka makumi angapo. Wodziwa masamu awerenge yekha: chinthu chowirikiza kawiri pa zaka ziwiri, zikapita zaka 20 chachuluka koposa ka 1,000. Chifukwa chache kompyuta ya 2005 pamaso pa ya 2025 iri ngati ngolo ya ng'ombe pamaso pa galimoto. Ndiponso pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina athu aja, yotchedwa Windows XP, eni ache a Microsoft analeka kuisamalira mu 2014, monganso analekera Windows 7 mu 2020. Ndipo makina otsala pa zimenezi, mukawalumikiza ku intaneti, ali ngati nyumba yopanda chitseko m'mbali mwa njira ya mbala.

Pamenepo anaimirira mkulu wina, telala wa pa khonde la sitolo, nati, "Aphunzitsi, mwanena bwino, koma mundilole. Makina anga a Singer anagula ndi atate anga Chitaganya chisanathe, ndipo yunifolomu ya ana anu isokedwabe pa iwo omwewo. Khasu likatha sitilitaya kudzala. Tilitcha kambwiri, ndi kumpatsa mwana kuti aphunzirirepo kulima." Anthu anaomba m'manja, pakuti mau awa ndi a kwathu. Ndife anthu okonza: njinga ya kabaza ifika zaka makumi awiri, ndowa yobooka ipita kwa wokhoma zitini, tayala lotha lisanduka nsapato ndi malamba omangira katundu.

Ife tiyesa kuti onse awiri ananena zoona, koma sananene chinthu chimodzi. Chipangizo chikalamba m'njira ziwiri. Ukalamba woyamba ndiwo kutha: chitsulo chidyeka, dzimbiri lilowa, lamba aduka. Ukalamba wachiwiri ndiwo kusiyidwa ndi anzache. Makina osokera adziwa woyamba wokha, pakuti nsalu ndi ulusi za lero sizisiyana ndi za m'masiku a Chitaganya. Mukawathira mafuta ndi kusintha singano, abwerera pa unyamata wao. Koma kompyuta idziwa yonse iwiri, chifukwa nchito yache yambiri ndiyo kulankhulana ndi makina ena, ndipo makina enawo asintha chinenero chao chaka ndi chaka. Masamba a pa intaneti alemera, zithunzi zikula, maloko otetezera asinthidwa; ndipo kompyuta yakale, ingakhale iri yamoyo m'ziwalo zache zonse, iima pakhomo osatha kulowa. Ifanana ndi agogo athu ena a Chilomwe, amene miyendo ikali yolimba ndi nzeru zikali zonse, koma adzukulu ao sakumva chinenero chao. Telala analankhula za ukalamba woyamba, mphunzitsi za wachiwiri.

Tsono funso loyenera kuyamba nalo ndi ili: tiwaitanira ku nchito yanji? Pakuti ziripo nchito zimene sizinasinthe konse. Makonzedwe a zilembo pa kiyibodi anachokera ku mataipi a zaka za m'ma 1870, ndipo ali chomwecho kufikira lero; mwana wophunzira poika zala pa makina a 2005 adzataipa bwino lomwe pa makina a mawa. Kulemba kalata, kuisunga ndi kuipezanso, kuonkhetsa ndalama za banki m'khonde m'mizere yache, kuwerenga mabuku osungidwa m'kati mwa makina momwemo popanda intaneti: zonsezi kompyuta ya zaka 20 izichita mosadandaula. Ndipo zimenezi ndizo zoyamba zimene mwana wa sekondale azisowa.

Amene anatikumbutsa ichi ndi mai wina amene anakhala chete kufikira pamenepo. Anati, "Abambo ndi amai anzanga, mwana wanga wamkazi anakhoza mayeso a Fomu 4 pa sukulu pompano. Anamuitana ku Limbe ku nchito ya ukalaliki, ndipo ndinagulitsa nandolo kuti ndimpezere ya basi. Atafika anamkhazika pa kompyuta kuti alembe mizere isanu, ndipo sanadziwe ngakhale poyatsira. Anabwerera madzulo omwewo. Zaka zinai zonse anali kupita pa khomo la kachipinda kaja. Inu muti tidikire atsopano. Adzabwera liti, ndipo abwera nao ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Palibe anamyankha msanga.

Kuti makina otayidwa akhoza kugwira nchito yolemekezeka, umboni wache uli m'dziko lathu lomwe lino. Mu 1999 kampani ina ya ku America, dzina lache Netpliance, inayamba kugulitsa makina ang'onoang'ono otchedwa I-Opener, opangira anthu ofuna kungowerenga makalata ndi nkhani za pa intaneti. Malonda ao sanayende, ndipo pofika 2001 analeka kuwagulitsa. Kwao kuja anasanduka zinthu zopanda pache. Koma Gerry Douglas ndi anzache a bungwe la Baobab Health anawagula motsika mtengo, naikapo galasi lomva chala, kuti munthu wosadziwa kutaipa azingokhudza. Ndipo mu 2001 makinawa anayamba nchito yolemba ana odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero tichitcha Kamuzu Central. Mu 2006 njira yomweyo inafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kusunga mbiri ya anthu olandira mankhwala a ARV. Amene anaonapo kapepala ka timizere takuda komatidwa pa buku la kuchipatala, waona chipatso cha nchito imene inayambira pa makina okanidwa ndi eni ache.

Koma tipenyetsetse chifukwa chimene anawasankhira. Kutsika mtengo kunalipo, inde. Koma chachikulu ndi chakuti anayenera malo ache. M'kati mwao munalibe chozungulira chimene pfumbi likhoza kuchipha. Anadya moto wochepa, kotero kuti mabatire anawanyamula magetsi atazima. Ndipo mbala sinawakhumbire kwambiri, pakuti kunja kwa chipatala analibe nchito. Koposa zonse, panali amisiri a kuno kwathu ophunzitsidwa kuwakonza ndi kuwalembera mapulogalamu. Ndipo nthawi yao itakwana anawatsitsa, naikapo atsopano, popanda kulira maliro. Umu ndimo achitira munthu wanzeru ndi chipangizo chakale: achisankha chifukwa cha nchito, achisunga ndi mmisiri, nachileka pa nthawi yache.

Ngakhale anthu olemera autsa makina akale pamene palibe ena olowa m'malo mwao. Chombo cha Voyager 1, chimene anachiponya kumwamba mu 1977, chiri ndi makompyuta a mphamvu yochepa kuposa ya foni yotsika mtengo ya pa msika wa Limbe. M'mwezi wa Novembala 2023 chinayamba kutumiza mau osamveka, chiri pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, kumene uthenga utenga maola oposa 22 kuti ufike. Amisiri a NASA anafufuza miyezi isanu, napeza kuti kachitsulo kamodzi kafa, nasamutsira malangizo ache ku mbali zina za makinawo. Ndipo mu Epulo 2024 chombocho chinalankhulanso zomveka. Anabvutikiranji chotero ndi nkhalamba ya zaka 46? Chifukwa kumene chiriko sangatumize china. Thuchila sali kutali ngati Voyager. Koma kwa mtsikana uja, kompyuta yatsopano inali kutali momwemo.

Tsopano tibwere ku mbali imene mphunzitsi wamkulu anapambana, ngakhale iye mwini sanaitambasule. Makina akale ndi osusuka pa moto. Bokosi limodzi la zaka zija, pamodzi ndi galasi lache loonerapo lija la chimimba, lidya mawati ngati 150, ndiwo moto wokwanira mababu a masiku ano khumi ndi asanu. Laputopu wamba idya kagawo chabe ka amenewo; ndipo kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012 pa madola 35, sikanafike ngakhale mawati asanu. Ku maiko kumene magetsi ayenda ngati madzi a m'Ruo kusiyana kumeneku sikumveka. Kuno kumveka pogula mayunitsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali ngati 11 zokha pa 100 m'dziko lonse, ndipo kumidzi zinali zochepa koposa apo. Tikumbukiranso umo namondwe Ana anaonongera damu la Kapichira mu Januwale 2022, ndi mdima umene tinakhalamo kufikira 2023. Sukulu yodalira sola singathe kunyamula zimimba khumi ndi zinai. Zingamalize mabatire nthawi ya phunziro limodzi isanathe. Chomwecho mphatso yaulere ikhoza kudya mwini nyumba mwezi ndi mwezi, monga mlendo wofika ndi kankhuku kamodzi, nakhala pa nkhokwe chaka chathunthu.

Ndipo apa ndipo pagona mbali yowawa ya mlanduwu, imene tiyenera kuinena ngakhale ikhumudwitse ena. Makina akale safika kuno chifukwa cha chifundo chokha. Mabungwe a United Nations anawerenga kuti mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za magetsi, ndipo zosonkhanitsidwa ndi kuphwasulidwa m'njira yoyenera sizinafike gawo limodzi la magawo anai. Kutaya kompyuta moyenera ku Ulaya kufuna ndalama, pakuti muli poizoni: galasi limodzi la chimimba liri ndi mtovu pafupi kilogalamu, kapena kuposa, ndipo mtovu ukalowa m'madzi ndi m'nthaka uononga ubongo wa ana. Nkwapafupi tsono kuti munthu alonge zinthu zakufa pamodzi ndi zamoyo m'bokosi limodzi, nalembapo kuti mphatso. Ku Agbogbloshie, mu mzinda wa Accra ku Ghana, anyamata anakhala zaka zambiri akutentha mawaya kuti apeze mkuwa, napuma utsi wache, kufikira boma linagumula malowo mu 2021. Maiko anapangana pangano la ku Basel mu 1989, ndi maiko a mu Africa la ku Bamako mu 1991, kuletsa kutumizirana zinyalala zoopsa. Koma chinthu cholembedwa kuti "chogwira nchito" chipita pa doko mosabvuta.

Pali kupatsa, palinso kutaya zinyalala m'munda wa mnzako uli kumwetulira. Wopatsa woona adziwika ndi mafunso ache: moto udzachokera kuti, adzakonza ndani, ndipo akafa adzaikidwa kuti? Anthu amene anatipatsa makina athu aja sitiwayesa achinyengo. Tikhulupirira kuti mtima wao unali woyera. Koma sanafunse, ndipo ifenso sitinafunse. Tinaleredwa kuti mphatso sakana, ndi kuti kufunsa zaka za chinthu chopatsidwa ndi chipongwe. Tinaomba m'manja, osadziwa kuti talandira ndi ngongole yomwe. Mlandu umenewo tiusenze tokha. Munthu wopatsidwa mbuzi ayang'ana mano ache, angakhale ayang'ana mwini atachoka.

Alipo opatsa amene anaphunzira ichi. Bungwe la Turing Trust la ku Scotland, limene analiyambitsa James Turing, wa banja la Alan Turing uja anathandiza kuyala maziko a nzeru za kompyuta, linayamba kutumiza makina okonzedwanso ku masukulu a kuno mu 2016, pogwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu. Ndipo pamodzi ndi makinawo anaikapo maphunziro a aphunzitsi ndi amisiri okonza. Tichenjezenso awerengi athu kuti katundu wambiri ali m'njira. Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft analeka kusamalira Windows 10 monga mwa kale, ndipo makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2017 sabvomerezedwa kulandira Windows 11. Amenewa si nkhalamba ai. Ndi amphamvu, atsitsidwa pa tebulo ndi lamulo la kampani chabe. Akafika oterewa tiwalandire ndi manja awiri. Koma pakati pao padzabisala agogo ao, ndipo pamenepo tisachite manyazi kufunsa zaka.

Tibwerere patsinde pa mango paja. Kumbuyo kunakhala mnyamata wina wokonza mafoni pa msika, amene sanaitanidwe. Anangoperekeza amai ache. Anapempha mwai kwa wapampando, nati, "Makolo, sindilonjeza onse. Mundipatse masiku atatu a Loweruka, ndi ana anai ondithandiza, ndidzakuuzani amene ali moyo." Ena anang'ung'udza kuti mwana wa dzulodzulo adzaba zitsulo, koma telala uja anamuimira mboni, ndipo tinabvomera.

Tinapitako Loweruka lachiwiri kukaona. Tinapeza mabokosi onse ali chitsegulire pa mabenchi, ndi ana akupopa pfumbi ndi pampu ya njinga. M'bokosi lina munali chisa cha mabvu, m'lina mbewa zinadula mawaya. Ena anafa ndi kanthu kochititsa manyazi: kabatire kofanana ndi ndalama yachitsulo, kamene kasunga tsiku ndi nthawi, kanatha mphamvu, ndipo makina anangoima kudikira munthu woti akanikize batani limodzi. Zaka zonse zija! Mnyamatayo anazula timatabwa tokumbukira, tija atitcha RAM, m'mabokosi onyowa ndi Freddy, natiika mwa amoyo. Anafafaniza Windows XP, naikamo Linux ya mtundu wopepuka, imene salipira kanthu. Potsiriza anadzuka asanu. Magalasi oonerapo opyapyala analiponso asanu, ndipo anawapatsa amenewo. A chimimba tinagwirizana kuti asayatsidwenso. Ndalama zonse zinalowapo sizinapose mtengo wa thumba limodzi la chimanga.

Chimene sitinachiyembekezere ndi ana anai aja. Kompyuta yatsopano mphunzitsi sangalole mwana kuitsegula. Aidzoza ulemu, naibvundikira nsalu. Koma yakufa kale palibe aiopa, ndipo chifukwa chache ana awa anagwira ndi manja ao chimene anzao a m'tauni achiona kunja kokha. Mmodzi wa iwo, mtsikana wa Fomu 2, tsopano amva kulira kwa bokosi poyatsa, nadziwa ngati tabwa lokumbukira lakhala mopendeka. Tinakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene mu 2002 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pa zitsulo zotola kudzala ndi njinga yotha. Sukulu yache yeniyeni inali mulu wa zinthu zotayidwa. Ife tiyesa kuti phindu ili liposa la kutaipa, pakuti makina asanuwo adzafanso, mwina posachedwa, koma adzafera pamaso pa anthu odziwa pogwira.

Mphunzitsi wamkulu sanagonje konse, ndipo sitifuna kuti agonje. Anaika malire ache, ndipo tinawabvomera: makinawa asalumikizidwe ku intaneti pa nkhani za ndalama kapena za mayeso, akafa ndi nthenda yofuna ndalama zambiri, asagulidwenso mankhwala, ndipo makalata opempha atsopano apitirire kulembedwa. Kalata yoyamba inataipidwa pa imodzi ya nkhalamba zomwezo. Ana alowa asanu asanu, awiri pa benchi pamene achuluka, ndipo mtsikana wa ku Limbe uja apemphedwa kubwera masana a Lachitatu kudzaphunzira pamodzi ndi ang'ono ache.

Otsala asanu ndi anai, ndi magalasi ao a chimimba, ndiwo atisowetsa mtendere. Wina anati tiwaphwanye, titenthe mawaya ndi kugulitsa mkuwa. Wina anati tikawaponye m'chigwembe chotsikira ku mtsinje wa Thuchila, kumene amai athu achapa ndi kutunga. Zonse ziwiri tinazikana, koma njira yachitatu sitinaipeze. Kufikira lero ali m'kachipinda muja, kuseri kwa makasu. Tinangowakweza pa njerwa, kuti madzi akabweranso asawafike.